Ngwazi Yamantha

Ambiri a ife amene tidaphunzira m'sukulu za mumzinda wa Blantyre, dzina la Gideoni tidayamba kuliona pachikuto cha kabuku. Ndikunena timabuku tating'ono ta Chipangano Chatsopano tija, timene a bungwe la Gideons International amagawa mwaulere m'sukulu, m'zipatala ndi m'ndende. Bungweli lidayamba ku America m'chaka cha 1899, ndipo lidatenga dzina la mtsogoleri wa nkhondo wa Aisraeli. Chodabwitsa n'chakuti mbiri ya mwini dzinayo mulibe m'timabukuto. Amangotchulidwa kamodzi kokha m'kalata ya kwa Ahebri, pamndandanda wa anthu achikhulupiriro. Wofuna kumudziwa bwino ayenera kutsegula Chipangano Chakale, buku la Oweruza, kuyambira mutu 6 mpaka mutu 9.

Tili ana, aphunzitsi athu a kutchalitchi ankakonda kutisimbira chigawo chimodzi cha nkhaniyi: amuna 300, malipenga, mitsuko ndi miuni, kenaka adani akuthawa balalabalala usiku. Tinkaomba m'manja n'kumabwerera kwathu tili ndi chithunzi cha chimunthu cha chifuwa chotambalala, chosadziwa kuphethira. Koma wowerenga mitu yonseyi amapezamo munthu wamantha, wokayikakayika, wa mafunso ngati mwana. Munthu ameneyu ndiye ndimamukonda, chifukwa ndimamuzindikira. Ndidamuona m'banja mwathu ku Bangwe, ndipo mbiri ya mzinda uno ili ndi anthu otere ambiri. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi yakuti kulimba mtima kwa Gideoni kudali kugwira ntchito mantha ali pomwepo, ndiponso kuti mayeso aakulu a utsogoleri wake adadza nkhondo itatha.

Nkhani yake ikuyamba ndi njala. Kwa zaka 7 Amidyani ndi anzawo ochokera kuchipululu cha kum'mawa ankadikira kuti Aisraeli alime, mbewu zikule, kenaka n'kufika ndi ngamira ndi ziweto zawo, ochuluka ngati dzombe, n'kuseseratu zonse. Eni nthaka adafika pothawira m'mapanga ndi m'mapiri. Gideoni, mwana wa Yoasi wa fuko la Manase, tikukumana naye koyamba akupuntha tirigu m'dzenje lopondera mphesa. Aliyense amene adapunthapo mpunga kapena mapira akudziwa kuti ntchito yotere imafuna pabwalo, pamene pakudutsa mphepo youlutsa mankhusu. Iye adasankha m'dzenje kuti Amidyani asamuone. M'menemo ndi mmene mngelo wa Mulungu adamupeza, n'kumutchula kuti ngwazi.

Gideoni sadafulumire kuthokoza. Adafunsa kuti ngati Mulungu alidi ndi anthu ake, nanga mavuto onsewa akuchokera kuti, ndipo zozizwitsa zimene makolo ankasimba zija zidapita kuti. Atauzidwa kuti iyeyo ndiye apite akapulumutse mtundu wake, adadandaula kuti banja la kwawo ndi lonyozeka m'fuko lonse, ndipo iye ndiye wamng'ono m'nyumba ya bambo ake. Ntchito yoyamba imene adapatsidwa idali yogwetsa guwa la Baala limene lidali pakhomo pa bambo ake omwe. Adaigwiradi, koma adaigwira usiku pamodzi ndi antchito ake 10, chifukwa ankaopa abale ake ndi anthu a m'mudzimo. Kutacha anthu adafuna kumupha, ndipo adapulumukira kumbuyo kwa bambo ake, amene adauza khamulo kuti ngati Baala ndi mulungu adzimenyere yekha nkhondo. Ngakhale atasonkhanitsa kale asilikali, Gideoni adapemphabe chizindikiro. Adayala ubweya wa nkhosa pansi n'kupempha kuti mame anyowetse ubweya wokha, nthaka ikhale youma. Zitachitika, adapemphanso kuti mawa lake zichitike mosinthanitsa. Imeneyi ndiyo ngwazi ya m'buku la Oweruza.

Kwa Mmalawi, liwu lakuti ngwazi lili ndi kulemera kwake. Kwa zaka zambiri lidali la munthu mmodzi, Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene adalamulira dziko lino kuyambira 1964 mpaka 1994. Ine nthawi imeneyo n'kuti ndisanabadwe. Zimene ndikudziwa ndidaziwerenga m'mabuku, zina ndidazimva kwa agogo anga aakazi, amene adakhala zaka zambiri akugulitsa nyemba ndi mtedza mumsika wa Limbe. Agogo amati polowa mumsika kapena pokwera basi, anyamata a chipani ovala malaya ofiira ankafunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa. Amati ngakhale m'nyumba mwako momwe unkayankhula motsitsa mawu, chifukwa sunkadziwa kuti khutu la boma lili pati. M'mwezi wa Meyi 1983 nduna zitatu, Aaron Gadama, Dick Matenje ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Mu 1987 Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, adamangidwa ndipo adakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Anthu ankaona zonsezi, koma aliyense ankapuntha tirigu wake m'dzenje.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Adaisayina ndi atsogoleri a madayosizi onse 7 a nthawiyo, pamodzi ndi Ambuye James Chiona, arkiepiskopi wa Blantyre. Kalatayo idanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Mudalibe chinthu chimene mayi wa mumsika sankachidziwa. Chachilendo chidali kuzimva zikunenedwa mokweza, masana, paguwa.

Agogo tsikulo adali m'tchalitchi cha Limbe Cathedral. Amati poyamba anthu adangoti zii, aliyense maso pansi, kuopa kuyang'ana mnzake. Kenaka mayi wina kumbuyo adaimba nthungululu, ndipo ena adatsatira. Potuluka agogo adapeza kope la kalatayo m'Chichewa. Patangopita masiku ochepa boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo aliyense wopezeka nayo adzamangidwa. Ambiri adatentha makope awo, ena adawaponya m'zimbudzi. Agogo adakulunga lawo m'pepala la pulasitiki n'kulikwirira pansi pa nyemba m'dengu, ndipo kwa masabata angapo lidayenda mumsika kuchoka dengu lina kupita dengu lina. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Agogo, kodi simunkaopa?" Adandiyang'ana ngati ndafunsa zamisala. "Iwe, ndani sankaopa? Wapolisi akangodutsa pafupi ndi benchi langa, miyendo inkachita kunjenjemera. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Mantha awo sadali opanda chifukwa. Pa 10 Malichi maepiskopi adaitanidwa kupolisi ku Kanjedza, kuno ku Limbe, kumene adafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Akuluakulu a chipani adakumana ku Lilongwe, ndipo ena mwa iwo adanena poyera kuti maepiskopiwo aphedwe. Tepi ya msonkhanowo idatuluka n'kumveka kunja kwa dziko. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka, kumene kalatayo idasindikizidwa, idatenthedwa. John Roche, wansembe wa ku Ireland amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko muno mu Epulo. Kalatayo idakonzedwa ndi kusindikizidwa mwachinsinsi, ndipo agogo adaiyendetsa mobisa. Wina akhoza kunena kuti zochitira m'chibisibisi si kulimba mtima. Ine ndimayankha kuti Gideoni nayenso adagwetsa guwa usiku, komabe kutacha guwalo lidali pansi, ndipo mudzi wonse udayenera kusankha mbali.

Tsopano tifike pa nkhondo yeniyeni. Amuna amene adayankha lipenga la Gideoni adalipo 32,000, pamene adani adali pafupifupi 135,000. Mtsogoleri aliyense wanzeru akadafuna kuonjezera anthu, koma iye adauzidwa kuti awachepetse. Adalengeza kuti amantha onse abwerere kwawo, ndipo 22,000 adanyamuka. Otsala 10,000 adapita nawo kumadzi, kumene adawasankhanso poona kamwedwe kawo, mpaka padatsala 300 okha. Chifukwa chake bukuli likuchinena momveka: kuti Aisraeli asadzadzitame kuti adadzipulumutsa ndi mphamvu zawo. Akuluakulu athu adaiona kale nzeru imeneyi pamene adati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma.

Pano mpamene chikhulupiriro cha Gideoni chimandigwira mtima. Usiku wa nkhondoyo mantha adali asanamuchokere. Adaloledwa kutsikira kumisasa ya adani pamodzi ndi mnyamata wake Pura kuti akamve zimene akunena. Kumeneko adamva msilikali wina akusimbira mnzake loto la mkate wa barele umene udagubuduka n'kugwetsa hema, mnzakeyo n'kumasulira kuti mkatewo ndi Gideoni. Apo mpamene adazindikira kuti nawonso adani, ndi unyinji wawo wonse, ankagona ndi mantha. Adagwada n'kupembedza, kenaka adabwerera kukadzutsa anthu ake. Chikhulupiriro chake chidakula pang'onopang'ono, funso ndi funso, chizindikiro ndi chizindikiro, ndipo palibe pamene bukuli likunena kuti Mulungu adatopa naye. Adagawa anthu ake m'magulu atatu, n'kupatsa aliyense lipenga ndi mtsuko wokhala ndi muuni m'kati. Adawauza kuti ayang'ane iye ndi kuchita zimene iye achite, kutanthauza kuti adali patsogolo. Pakati pa usiku adaliza malipenga, adaswa mitsuko, kuwala kudabuka mbali zonse, ndipo adani adayamba kuphana okhaokha.

Tikamafuna Gideoni wa dziko lino, ambiri timathamangira kwa Mbusa John Chilembwe, ndipo m'pomveka. Adali munthu wa Baibulo amene adatsogolera kagulu kochepa kulimbana ndi boma lamphamvu. Usiku umene kuukira kwake kudayamba, pa 23 Januwale 1915, gulu lina la anthu ake lidayenda kuchokera ku Chiradzulu kudzathyola nyumba yosungira mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala, pafupi ndi pakati pa mzinda uno. Adangopeza mfuti zochepa, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe adaphedwa. Ulemu wake ndi wosatsutsika, nkhope yake tili nayo pa ndalama zathu. Komabe ndikaganizira zida zimene amuna 300 aja adanyamula, mtima wanga umapita ku 1992. M'dzanja lina mudali lipenga, m'dzanja lina muuni. Zida zawo zidali mawu ndi kuwala, ndipo ntchito yawo idali kuswa chinthu chimene chinkabisa kuwalako.

Mtsuko utasweka pa 8 Malichi, malipenga ena adayankha. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba ndi a ku Polytechnic kuno ku Blantyre adaguba pogwirizana ndi maepiskopi. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adatsika ndege ku Lilongwe n'kuyamba kuwerenga uthenga wofuna ufulu wa zipani zambiri, akudziwa bwino kuti amangidwa, ndipo adamangidwadi pomwepo. Kumayambiriro kwa Meyi antchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead adanyanyala ntchito, ndipo sitalakayo idafalikira mu Blantyre ndi Limbe. Pa 6 ndi 7 Meyi mzinda udasokonekera. Masitolo a PTC, amene adali a kampani ya Kamuzu, adathyoledwa, apolisi adaombera, ndipo anthu pafupifupi 40 adafa. Pano fanizo langa liyenera kuyenda mosamala. M'nkhani ya Gideoni sitimva kuti mmodzi wa anthu 300 aja adafa usiku umenewo, koma mu Blantyre magazi adakhetsedwa, ndipo ena mwa akufawo adali anthu ongodutsa. Agogo amati tsikulo adayenda wapansi kuchoka mumsika mpaka ku Bangwe, dengu pamutu, mfuti zikulira kumbuyo. Sakonda kuisimba nkhani ya tsiku limenelo.

Pali kachigawo ka nkhani ya Gideoni kamene alaliki ambiri amakadumpha. Adani atayamba kuthawa, amuna a mafuko a Nafutali, Aseri ndi Manase adaitanidwa kuti awathamangitse. Amenewa ndi mafuko omwe aja amene anthu ake adabwerera kwawo. Ochepa adayamba nkhondo, koma adaimaliza ndi ambiri, kuphatikizapo amantha a dzulo. Kunonso zidatero. Maiko othandiza adaimitsa thandizo lina mu Meyi 1992, mipingo ndi magulu ena adapanga bungwe la Public Affairs Committee, ndipo Kamuzu adavomera kuti pakhale riferendamu. Pa 14 Juni 1993 anthu oposa 63 pa 100 alionse adasankha zipani zambiri. Chizindikiro cha chipani chimodzi chidali tambala wakuda, cha zipani zambiri chidali nyali. Sindinena kuti amene adasankha nyaliyo ankaganiza za buku la Oweruza, koma ndikamva agogo akusimba mmene anthu omwe adatentha makope a kalata aja adaimira pamzere kuyambira m'bandakucha kuti akavotere nyali, ndimaona muuni utatuluka mumtsuko.

Phunziro la ochepa ndi ambiri limeneli ndidalionanso ndi maso anga, ngakhale pa kanthu kakang'ono. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti afa, ndipo mazana ena sadapezeke. Ine ndidali mlembi wa gulu la achinyamata a kutchalitchi kwathu. Titalengeza pa WhatsApp kuti tipite tikathandize, mayankho adagwa ngati matalala, aliyense akuti abwera. M'mawa mwake pamalo okumanirana tidapezeka anthu 9. Mvula idali ikugwabe, mliri wa kolera udali usanathe, ndipo kudali mphekesera zakuti phiri liphulikanso. Wapampando wathu, mtsikana wofatsa amene kawirikawiri sakweza mawu, adationa tikuyamba kudandaula za anzathu osabwera. Adangoti, "Anzanga, tisawerenge amene kulibe. Amene tilipo tanyamula chiyani?" Tidali ndi makasu anayi, fosholo imodzi ndi matumba awiri a zovala. Mu minibasi ndidakhala naye pafupi, ndipo ndidaona manja ake akunjenjemera. Tidagwira ntchito imene tidatha, yochotsa matope ndi kunyamula katundu wa anthu kupita kusukulu zimene zidasanduka misasa. Sabata yotsatira, ataona zithunzi, anzathu aja adabwera ambiri, ena ndi ufa, ena ndi mabulangete. Wapampando sadawakumbutse za tsiku loyamba lija. Gideoni nayenso sadanyoze anthu 22,000 amene adabwerera, chifukwa malamulo a m'buku la Deuteronomo ankalola wamantha kuchoka kunkhondo. Akadawanyoza, akadasowa owathandiza kumaliza.

Nkhani ikadathera pamenepa bwenzi ili yokoma, koma mutu 8 ndi wowawa. Poyamba Gideoni akuoneka wanzeru. Anthu a fuko la Efraimu adamukalipira kuti sadawaitane msanga, iye n'kuwayankha mofatsa, kukweza ntchito yawo pamwamba pa yake, mpaka mkwiyo wawo udaphwa. Koma posakhalitsa tikuona munthu wina. Anthu a ku Sukoti ndi Penueli adakana kupatsa chakudya asilikali ake otopa, mwina poopa kuti Amidyani angadzabwerenso. Pobwerera kunkhondo Gideoni adakwapula akuluakulu a ku Sukoti ndi minga, adagwetsa nsanja ya ku Penueli n'kupha amuna a mumzindawo. Amenewa adali Aisraeli anzake. Munthu amene Mulungu adamulezera mtima pa mantha ake adalephera kulezera mtima anzake pa mantha awo.

Kenaka anthu adamupempha kuti akhale mfumu yawo, iyeyo, mwana wake ndi mdzukulu wake. Adakana, n'kunena kuti wowalamulira ndi Mulungu. Yankho limeneli ndi limodzi mwa mayankho okongola kwambiri amene mtsogoleri adaperekapo. Koma pakamwa pomwepo padatuluka pempho lakuti aliyense amupatse ndolo zagolide zimene adafunkha kunkhondo. Golideyo adalemera masekeli 1,700, ndipo adapangira efodi, chovala chopatulika cha ansembe, n'kuchiika m'mudzi wa kwawo. Anthu adayamba kuchipembedza, ndipo chidasanduka msampha kwa iye ndi banja lake. Wogwetsa guwa la fano uja adaimika fano lina. Adakwatira akazi ambiri monga ankachitira mafumu, adabereka ana aamuna 70, ndipo mwana wina wa kwa mkazi wa ku Sekemu adatchedwa Abimeleki, dzina lotanthauza kuti bambo wanga ndi mfumu. Dziko lidakhala pamtendere zaka 40, koma Gideoni atangomwalira Abimeleki adapha abale ake pamwala umodzi, kupatula Yotamu amene adabisala, n'kudzilonga ufumu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Gideoni adakana dzina la ufumu, koma zokoma za ufumu adazilandira, ndipo adalipira ndi ana ake.

Mmalawi sangawerenge mutu umenewu osakumbukira za kwawo. Kamuzu adatsika ndege ku Chileka pa 6 Julayi 1958 ngati mpulumutsi. Adalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, adakhala m'ndende ku Gweru kuyambira 1959 mpaka 1960, ndipo chitaganyacho chidathadi mu 1963. Palibe anganene kuti munthuyu adali wopanda kulimba mtima. Koma patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu mu 1964, adasemphana ndi nduna zake, zina n'kuthawira kunja. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 iye adakhala pulezidenti wa muyaya. Pempho limene Gideoni adakana, iye adalivomera. Chimene tiyenera kumuyamikira n'chakuti mu Meyi 1994 adavomereza kuti wagonja pachisankho.

Amene adanyamula nyali nawonso adakumana ndi mayeso omwewo. Mu 2002 padabwera bilu yofuna kuchotsa malire a zaka zimene pulezidenti angalamulire, kuti Bakili Muluzi aimenso. Pa 4 Julayi biluyo idapeza mavoti 125 m'Nyumba ya Malamulo, kupereweza atatu okha kuti idutse. Mipingo yomwe ija idaimanso kutsutsa, ndipo agogo amati nthawi imeneyo adadabwa kuona anthu ena amene adavutika nawo limodzi mu 1992 akuimba nyimbo za muyaya. Pambuyo pake Bingu wa Mutharika adatamandidwa kuti ndi Mose wa lero, adapatsidwanso dzina la Ngwazi, koma pa zionetsero za pa 20 ndi 21 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Tili ndi chizolowezi chofunafuna Mose, Yoswa kapena Gideoni wathu, ndipo tikamupeza timafulumira kuvula ndolo zathu n'kumupatsa. Efodi ija Gideoni sadaipange ndi golide wake. Anthu adayala nsalu pansi n'kuponyapo mokondwa.

Kunena izi sikuchotsa Gideoni pamndandanda wa anthu achikhulupiriro. Olemba Baibulo adasunga zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo ndikuganiza kuti adatero kuti tisamupembedze. Chimene ndimaphunzira kwa iye n'chakuti munthu wabwino kwambiri pa utsogoleri adali Gideoni wa m'dzenje uja, amene ankadziwa kuchepa kwake, amene ankafunsa asanachite, amene ankatsikira yekha kumisasa kukamvetsera. Atasiya kuopa ndi pamene adayamba kuopsa. M'mutu 8 sitimvanso kuti adafunsa Mulungu kanthu, pamene m'mitu iwiri yoyamba ija ankafunsa pa chilichonse.

Ife amene tili pasukulu ya ukachenjede lero tidzakhala aphunzitsi, atolankhani, maloya ndi akuluakulu a m'maofesi. Tayamba kale kusankha atsogoleri, a bungwe la ophunzira ndi a dziko. Pa nthawi ya kampeni timamva anthu akudziguguda pachifuwa kuti saopa aliyense, ife n'kumakuwa. Ine munthu wotere amandichititsa nthumanzi, chifukwa wosaopa kanthu safunsa kanthu, ndipo safunsa adadya phula. Ndimafuna kudziwa zinthu ziwiri za munthu wofuna kunditsogolera. Choyamba, adachita chiyani pamene adali ndi mantha ndipo anzake adali ochepa? Chachiwiri, atapambana adapempha chiyani? Funso loyamba ambiri m'dziko muno adaliyankha bwino, kuyambira maepiskopi 7 aja mpaka amayi a mumsika amene mayina awo sadalembedwe paliponse. Funso lachiwiri ndi limene likutivutabe, ndipo silikhudza atsogoleri okha. Likhudzanso ife amene timayala nsalu ya ndolo.